Mlongo wanga akukumba golide, tingamulowetse bwanji m'malamulo?

MayiWaZigwagwa

Abale anga a pagulu pano, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Mlongo wanga wamng'ono, yemwe ndamulera ndekha chimwalirireni mayi athu, anachoka kuno ku Mzuzu chaka chatha kupita mbali ya Nkhata Bay kukakumba golide. Sabata yatha anabwera kudzationa ku Mchengautuwa. Ndalama anabwera nazo, sindikana, mpaka analipirira mwana wanga fizi ya teremu yonse. Koma usiku titadya, anatulutsa kabotolo ka mankhwala a m'maso m'thumba la jekete, mkati muli timadzi tonyezimira ngati siliva, tolemera modabwitsa. Akuti ndi mercury. Kenako anamasula kansalu, muli kampira kotuwa kochepa ngati njere ya nandolo. Anakaika pa supuni n'kukawotcha pa mbaula yomwe ndimaphikira nsima, ana atazungulira akuonerera. Patapita kanthawi kampira kaja kanasanduka kachikasu. Iye n'kumati, "Achemwali, ndalama ndi imeneyi."

Akuti pamalo pawo alipo anyamata 14. Chiphaso alibe. Amagulitsa kwa bwana wina amene amabwera pa njinga yamoto ndi sikelo yake. Akamva kuti apolisi akubwera amathawira kutchire, zida n'kutsala. Ine sindikufuna kuti asiye, chifukwa kuno anakhala zaka zitatu akupalasa kabaza wa eni ake popanda chogwirika. Ndikufuna azikumba mosabisala. Chiphaso chimatengedwa kuti? N'zoona kuti boma limagula golide? Nanga mankhwala aja ndi abwinobwino?

Namwino_Katoto

Mayi, za chiphaso ayankha ena, ine ndiyambe ndi zimene zachitika m'nyumba mwanu. Asadzawotchenso chinthu chimenecho m'nyumba kapena pafupi ndi ana. Kampira kotuwa kaja ndi golide wosakanikirana ndi mercury, pafupifupi theka ndi theka. Akakawotcha, mercury amasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ilibe fungo, sioneka ndi maso. Munthu amaipuma osadziwa, ina imakakamira ku makoma, ku zovala ndi ku zofunda. Imawononga ubongo ndi impso. Zizindikiro zimabwera pang'onopang'ono: manja kunjenjemera, kuiwalaiwala, kusowa tulo, kupsa mtima msanga, nkhama kutupa. Ana ndi amayi oyembekezera ndiwo amavulala kwambiri.

Supuni ija musadyerenso. Tsegulani mawindo masiku angapo, zofunda muyanike panja. Kabotoloko ngati kakadali m'nyumba, katulutseni kotseka bwino, ana asakafikire. Mercury akatayika pansi musasese ndi tsache, amamwazika timadontho tosatoleka. Mlongo wanuyo akayamba kumva zachilendo m'thupi, akanene kuchipatala mosabisa kuti amagwira mercury, chifukwa akabisa tidzangomuyeza malungo n'kumubweza.

WaKabaza_Chibavi

Anamwino mukunena zoona, koma njala imapha msanga kuposa nthunzi. Mnyamatayo walipira fizi. Pa kabaza akanalipira?

Namwino_Katoto

Achimwene, sindinati asiye kukumba. Ndati asawotchere ana m'nyumba.

Mlonda_waNkhalango

Ine ndinena mosapsatira. Anthu awa akuwononga dziko. Pitani mukaone kumene adutsa, maenje okhaokha, mitengo yagwetsedwa, mitsinje yasanduka phala. Ku Namizimu ku Mangochi mpaka boma linatumiza asilikali kukawachotsa m'nkhalango. Kunonso pakufunika zomwezo. Kuwapatsa ziphaso n'kudalitsa umbava.

Kalaliki_Wopuma

A Mlonda, asilikali amabwera n'kupita, golide amatsala pansi pomwepo. Galimoto ikangokhota, anthu amabwerera. Tiyeni tiwayankhe mayiwa zimene afunsa.

Mayi, lamulo lomwe likugwira ntchito pano ndi Mines and Minerals Act la 2023, lomwe lidalowa m'malo mwa la 2019. Lamuloli lidakhazikitsa bungwe la Mining and Minerals Regulatory Authority, ndipo nkhani za ziphaso za migodi zili m'manja mwake. Mfundo yoyamba yomwe anthu ambiri saidziwa ndi iyi: munda ukhoza kukhala wanu, wa makolo anu, koma miyala ya pansi pake ndi ya dziko. Choncho chilolezo cha amfumu kapena cha mwini munda pachokha si chiphaso chokumbira.

Pali chiphaso cha migodi ing'onoing'ono, chomwe chidaikidwira Amalawi. Anyamata 14 asapite mmodzimmodzi. Apange kopaletivi, ailembetse ku unduna wa zamalonda, akhale ndi malamulo awo olembedwa, wapampando, mlembi ndi msungichuma. Akatero adziwe malire enieni a malo awo, manambala ake a pa mapu, osangoti "kuseri kwa phiri". Agwirizane ndi amfumu komanso eni minda, khonsolo idziwe. Pafunikanso dongosolo losamalira chilengedwe, ndipo kumeneko amayang'anira ndi a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, pansi pa lamulo la zachilengedwe la 2017. Chofunika kwambiri asanawononge ndalama: afufuze ngati malowo sali kale m'chiphaso cha kampani ina yofufuza miyala, kapena m'nkhalango yotetezedwa. Akakhala m'nkhalango ya boma, asadzivutitse, asamuke.

Zogula, inde n'zoona. Banki Yaikulu idayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono mu 2021 kudzera ku Export Development Fund, yomwe ambiri amangoti EDF. Wogula wina aliyense amayeneranso kukhala ndi chiphaso chake chogulira. Bwana wa njinga yamotoyo mumufunse chake.

MayiWaZigwagwa

Zikomo bambo, ndalemba zonse m'kope. Koma zikuoneka zambiri kwa anyamata oti ena sukulu adalekezera Sitandade 6.

Wokumba_Kale

Mayi, ine ndakumbapo zaka zinayi, mbali ya Kasungu kenako kumtsinje wa Dwangwa. Zomwe alemba a Kalaliki ndi zoona papepala. Ndikuuzeni za kudzenje.

Mlongo wanu sagulitsa kwa bwana uja chifukwa chomukonda. Ali naye ngongole. Mmene zimakhalira ndi umu: mukafika pamalo mulibe kalikonse, bwana amakupatsani ufa, usipa, mchere, mafosholo, mapiki, mafuta a pampu yopopera madzi m'dzenje. Mercury amabweretsanso ndi iyeyo. Salemba pangano, amangolemba m'kabuku kake. Mukhoza kukumba masabata atatu osapeza kanthu, iye amangopitiriza kukudyetsani. Tsiku lomwe mwapeza, golide ndi wake, pa mtengo wake, pa sikelo yake. Amaika kampira pa sikelo, ikawerenga magalamu atatu amati "muli zinyalala umu", n'kuchotsapo gawo lomwe wafuna. Inu mulibe choyezera kuti mumutsutse. Akatero amatsegula kabuku n'kuchotsa za ufa ndi mafuta. Zotsalazo mumagawana anthu khumi ndi kuposa. Ndi katapila ndithu, kungoti wovala jombo.

Ife tinayesa kulowa m'malamulo. Tinasonkha ndalama, tinatuma anthu awiri ku ofesi ina, sinditchula. Ulendo woyamba anati wosaina kulibe. Wachiwiri anati mapu athu ndi olakwika koma sanatiuze pokonza. Wachitatu ndalama ya thiransipoti inatithera, anzathu anayamba kutiganizira kuti tadya zosonkha. Gulu linathera pomwepo. Tsiku lomwe tinabwerera, bwana anali atatidikirira pamsasa ndi thumba la ufa.

Ndiye mukamati alowe m'malamulo, funsani kaye kuti pa masabata atatu opanda golide aja adzawadyetsa ndani. Chiphaso sichiphikidwa. Amene akufuna kuti anyamatawa azigulitsa ku boma ayenera kufika kudzenje ndi sikelo yoona, ndalama ya pompopompo, ndi kangongole ka zida. Apo ayi bwana wa njinga yamoto adzapambana tsiku lililonse.

Mlonda_waNkhalango

Ndiye mukuvomereza nokha kuti mumadziwa kuti mukuphwanya lamulo.

Wokumba_Kale

Timadziwa, akulu. Maulendo atatu aja tinkapita kukatani?

WaMasamu_Luwinga

Ndiwonjezere pa mawu a Wokumba_Kale, chifukwa pali chinanso chomwe chimakokera golide kunja. Pa msika wa dziko lonse golide amagulitsidwa pa aunsi, ndipo aunsi imodzi ndi magalamu 31.1. Mu Malichi 2025 mtengo unadutsa madola 3,000 pa aunsi, pofika Okutobala chaka chomwecho unadutsa 4,000. Gawani nokha, pa mtengo umenewo galamu imodzi inapitirira madola 125. N'chifukwa chake anyamata akusiya minda ndi kabaza.

Tsono vuto lili pa kwacha. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komabe dola ya kubanki ndi dola ya pamsewu zinapitiriza kutalikirana. Wozembetsa golide amawerengera dola ya pamsewu. Iye golide amamutenga ngati dola yokwana m'thumba la malaya: amagula ndi makwacha kuno, amakagulitsa kunja ndi madola, amagula katundu n'kubwera naye kudzagulitsa kuno. Akhoza kumubera mnyamata pa sikelo, n'kumupatsabe ndalama yooneka yambiri. Wogula wa boma kuti apikisane naye ayenera kuyang'ana mtengo wa kudzenje tsiku ndi tsiku, osati wa pa bolodi ya kubanki. Mayi, mtengo wa EDF umasintha, mlongo wanu aziufunsa yekha asanagulitse, asamangomvera bwana akamati "aboma amagula motchipa".

MayiWaTaifa

Apo mwakhudza pa bala. Ife ogula katundu ku Kyela ndi ku Mbeya timavutika ndi shilingi, kubanki sungaipeze. Chitenje chomwe ndinkaoda chaka chatha lero ndi mtengo wina. Makasitomala amati tikukweza dala.

WaKabaza_Chibavi

Nanga mafuta? Tsiku lathunthu pa mzere ku filing'i, madzulo akuti atha.

Gogo_Chiputula

Ana inu, kale kuno ku Mzuzu tinkadalira khofi, mitengo ya mafuta ya tung ndi matabwa a ku Chikangawa. Chikangawa tinaiona ndi maso athu ikutha, malole akutuluka usiku ndi usana, ife eni dera tinatsala ndi zitsa ndi utuchi. Ku Kayelekera uranium anakumbidwa kuyambira 2009 mpaka 2014, funsani anthu a ku Karonga chomwe anatsala nacho m'manja. Ine ndikaona za golidezi mtima umandipweteka, chifukwa ndi njira yomweyo: chuma chikutuluka, ife tikuonerera.

MayiWaTaifa

Agogo mwanena. Ngakhale miyala ya ku Mzimba, aquamarine uja, amagula ngati mtedza n'kukagulitsa kunja mtengo wa nyumba.

Woyang'anira_Gulu

Abale, za mafuta ndi zitenje titsegulire mutu wake. Mayi aja akudikira thandizo la mlongo wawo. Tibwerere ku golide.

Dalaivala_Songwe

Ndibwerere ndine. Ndimayendetsa lole njira ya Mbeya, ndipo ndafikako ku Chunya, dera la golide la anzathu a ku Tanzania. Iwo mu 2019 anatsegula misika ya miyala ya boma, woyamba ku Geita, kenako m'madera ena kuphatikizapo Chunya. Ndinalowamo ndi mnzanga wina wokumba. Ndi nyumba wamba, mkati muli timaofesi ta ogula okhala ndi ziphaso. Mtengo wa tsikulo walembedwa poonekera. Golide wake anamusungunula, anamuyeza kulemera iye akuona, kenako anamuika pa kamakina kowerenga kuti golide weniweni ndi wochuluka bwanji. Msonkho wa boma unadulidwa pomwepo, risiti m'manja, ndalama tsiku lomwelo. Wogula woyamba atamupatsa mtengo wosamukomera, anangotuluka n'kulowa khomo lotsatira.

Chomwe chinandikhudza n'chakuti mnzangayo anayenda ndi golide wake masana, m'thumba, osaopa yunifolomu. Sindikuti kumeneko kuzembetsa kunatheratu, ayi. Koma munthu wamba ali ndi khomo loti alowe. Kuno ku Mzuzu tili ndi nthambi ya Banki Yaikulu, tili pakati pa Nkhata Bay, Mzimba, Rumphi ndi Karonga. Chikutiletsa n'chiyani kukhala ndi msika wotere, wa golide ndi miyala ina yomwe, ogula angapo pansi pa denga limodzi?

WaMasamu_Luwinga

Mfundo ya ogula angapo ndiyo yaikulu pamenepo. Ku Zimbabwe golide yense amayenera kupita ku Fidelity, wogula mmodzi wa boma, ndipo nthawi zomwe malipiro ankachedwa kapena kuperekedwa mu ndalama yofooka, okumba ang'onoang'ono, omwe kumeneko amati makorokoza, ankangowolotsa golide malire. Wogula mmodzi akagona, msika wonse umapita kwa ozembetsa.

Kalaliki_Wopuma

Komabe Banki Yaikulu ili ndi chifukwa chake chogulira, a WaMasamu. Golide amene yasunga ndi chuma cha dziko chomwe chingasinthidwe kukhala ndalama zakunja zogulira mafuta ndi mankhwala. Ogula ena akhalepo, koma golide adutse pa khomo lowerengedwa.

Msodzi_Chintheche

Nonse mukukamba za mtengo. Ine ndikambe za madzi, chifukwa zonse zomwe mukutsuka kumtundako zimatsikira kwa ife. Mitsinje ya kuno ilibe kwina kopita, yonse imathera m'nyanja. Dzinja lapitali ndinaona kamtsinje kena komwe tinkamwa tili ana, madzi ake ali ofiira ngati thobwa ngakhale mvula isanagwe masiku anayi. Amayi amachapa kumeneko, ng'ombe zimamwa kumeneko. Matope akafika kunyanja amakwirira miyala ndi mchenga momwe nsomba zimaswanirana. Mpasa umakwera mitsinje ngati Bua kukaikira mazira pa timiyala toyera, madzi oyenda bwino. Mukathira matope pamenepo mazira amafa. Mpasa ndi wosowa kale.

Ndiye a Wokumba_Kale, ine ndikumva chisoni ndi ngongole zanu, koma nanenso ndili ndi ana. Chiphaso chikadzabwera n'kumatsukirabe mumtsinje, kwa ine palibe chasintha. Kungoti matope adzakhala ndi chidindo cha boma.

Mphunzitsi_Zolozolo

A Msodzi, pa matopepo onjezanipo mercury. Akalowa m'madzi, tizilombo ta m'matope timamusandutsa mtundu wina woopsa kwambiri womwe umalowa m'nsomba. Kansomba kakang'ono kamadyedwa ndi yaikulu, poizoni n'kumaunjikana, mpaka kufika pa mbale yathu. Kuphika kapena kuwamba sikumuchotsa. Ku Japan, m'tauni ya Minamata, fakitale inkatayira zoipa za mercury m'nyanja, ndipo mu 1956 madokotala anazindikira matenda achilendo pakati pa mabanja a asodzi: anthu kulephera kuyenda ndi kulankhula, ana kubadwa olumala. Pangano la maiko lothana ndi mercury la 2013 linatchedwa dzina la tauni imeneyo, ndipo Malawi anasaina nawo. Panganolo silinena kuti okumba ang'onoang'ono athamangitsidwe. Limati maiko awathandize kuchepetsa ndi kusiya mercury, ndipo zina mwa zoyamba kuthetsa ndi kuwotcha poyera ndi kuwotchera m'nyumba zokhalamo anthu, zomwe zachitika kwa mayiwa.

Chinanso, mnzanga wophunzitsa kumudzi wina wa kunyanja amandiuza kuti golide akamveka, anyamata a Sitandade 7 ndi 8 amachepa m'kalasi. Kopaletivi iliyonse ilembe m'malamulo ake kuti mwana saloledwa kudzenje.

Mwana_waMiyala

Ndaphunzirako za miyala, ndiyankhe funso lachitatu la mayi: kodi zingatheke popanda mercury? Zingatheke, makamaka golide wa mumchenga wa m'mitsinje, yemwe amakhala womasuka kale. Chinsinsi chake ndi kulemera. Golide amalemera kuposa madzi maulendo 19, pomwe mchenga wamba sufika maulendo atatu. Mukapanga ngalande ya matabwa yopendekeka bwino, n'kuyalamo kapeti, madzi odutsa mosathamanga kwambiri amakokolola mchenga, golide n'kutsalira m'kapeti. Kapetiyo muzichapa pafupipafupi m'beseni, isadzaze. Zotsalazo mumapeta ndi madzi mpaka kutsale mchenga wakuda ndi golide. Mchenga wakudawo wambiri ndi wachitsulo: kulungani maginito m'pepala la pulasitiki, muuyendetse pamwamba, umanyamuka wokha. Maginito a sipika yakufa ya wailesi amagwira ntchito. Pomaliza mumasakaniza ndi borax, mankhwala oyera ngati mchere, n'kusungunula m'kambiya kadothi pa makala opemerera mwamphamvu. Borax amatenga zinyalala n'kusiya kampira koyera. Okumba a ku Benguet ku Philippines akhala akuchita zimenezi zaka zambiri.

Za a Msodzi yankho lake lilipo, ndipo silifuna makina. Osatsukira mumtsinje. Kumbani maiwe awiri kapena atatu motsatizana kutali ndi gombe, madzi akuda alowe loyamba, matope akhazikike, a m'dziwe lomaliza muwabwezere ku ngalande. Pokumba, dothi lapamwamba lachonde muliunjike palokha. Dzenje likatha, bwezerani miyala pansi, dothi lija pamwamba, munda ubwerere kwa mwini wake.

Wokumba_Kale

Achimwene a Miyala, za maiwe ndi kukwirira ndikuvomera, ndi ulesi ndi mantha basi. Munthu woti mawa athamangitsidwa sakwirira dzenje. Koma za borax musazipeputse. Golide wina ndi wosalala ngati ufa woyera, makamaka wa m'miyala yosinja. Popeta amayandama n'kupita ndi madzi uku ukuona. Mercury amamugwira mu mphindi zochepa. Borax amafuna kuti upete mpaka zitsale zoyera kwambiri, ndi moto waukulu. Munthu watopa tsiku lonse m'madzi, sangayese njira yatsopano ndi golide wa anthu 14. Ikalephereka amumenya anzake.

Kunabwerapo anthu ena kudzationetsa kachitsulo kowotchera kotseka, kokhala ndi paipi yomwe imabweza mercury m'madzi m'malo moti auluke. Ndi kabwino, mercury umamugwiritsanso ntchito. Koma anyamata anakakana chifukwa golide amapsera mkati osaoneka, aliyense amaganiza kuti wina amubera. Anaphunzitsa tsiku limodzi n'kupita, sanabwerenso.

Mwana_waMiyala

Apo mwandiphunzitsa, akulu. Ndiye kuyesako kuzichitika pa mchenga womwewo, theka njira yakale theka yatsopano, onse akuona, sikelo ili pakati. Akaona ndi maso kuti sakutaya, asintha okha. Ndipo poyembekezera, kowotchera kotseka kaja n'kabwino kuposa supuni, bola panja, kutali ndi nyumba. Kaliponso kopangidwa ndi mbale zakukhitchini, kokhala ndi mbale yagalasi pamwamba kuti golide azioneka.

NyaKumpoto

Mukamakamba za kopaletivi musaiwale amayi. Kumalo amenewa amene amasenza mchenga pamutu kupita nawo kotsukira, amene amasinja miyala mumtondo wachitsulo, amene amaima m'madzi ndi beseni tsiku lonse mwana ali kumsana, ambiri ndi amayi. Amalipidwa pa ndowa, ngati ganyu. Pogawana za golide sawerengedwa. Tsiku lolemba maina a kopaletivi mudzaona amuna okhaokha. Mayi a ku Zigwagwa, mufunse mlongo wanu kuti pa anthu 14 aja amayi otsuka alipo angati omwe sanawawerenge.

Mphwa_waAmfumu

Ndiyankhepo za mafumu, poti nthawi zonse mlandu umagwera iwo. Amalume anga ndi nyakwawa. Anthu akabwera kudzapempha malo okumba, eni minda amakhala avomera kale chifukwa alandira ndalama yomwe chimanga sichingawapatse. Amfumu akakana amadana ndi mudzi wonse. Akavomera, dzenje likagumukira munthu, apolisi amayambira kwa iwo. Palibe amene anabwera kudzawafotokozera kuti lamulo likuti chiyani. Chomwe amalume amapempha n'chakuti pakhale pangano lolembedwa pamaso pa mudzi: mukumba apa mpaka apa, kumanda ndi kumtsinje ayi, mukatha mukwirira, ndipo kandalama kokwiririra kasungidwe padera kuyambira tsiku loyamba.

Mlonda_waNkhalango

Pangano lotero ndingalivomere kunja kwa nkhalango. M'kati mwa nkhalango yotetezedwa ayi, ngakhale atabwera ndi borax. Taganizani wina atayamba kukumba ku Kaning'ina, kumtunda kwa damu la Lunyangwa komwe Mzuzu yense amamwa.

Wokumba_Kale

Pamenepo sitikangana, akulu.

Kalaliki_Wopuma

Chenjezo limodzi kwa mayi, lochokera pa zomwe ndidaona pa ntchito. Anyamata osadziwa mapepala akayamba kufunsafunsa za chiphaso, pamapezeka munthu wa m'tauni wovala bwino woti "ndikuthandizani". Amatenga manambala a malo, n'kukalembetsa m'dzina lake kapena la kampani yake. Pakutha pa miyezi ingapo amabwera ndi chiphaso chenicheni, ndipo amene adapeza golidewo amasanduka aganyu pa dzenje lawo lomwe, kapena amathamangitsidwa mwalamulo. Choncho kopaletivi iyambe yalembetsedwa, manambala a malo asungidwe ndi anthu awo, pempho lipite m'dzina la kopaletivi, ndipo pepala lililonse lomwe apereka atsale ndi kope yodindidwa tsiku. Ndalama iliyonse yolipira boma ikhale ndi risiti ya boma. Madobadoba a pakhomo la ofesi awapewe.

WaKabaza_Chibavi

Nanga ngongole ya bwana ija? Mwaiiwala. Akamva kuti akupanga kopaletivi adzawalanda pampu tsiku lomwelo.

MayiWaTaifa

Achite ngati ife a banki m'khonde. Pa golide aliyense wogulitsa azipatula kachigawo ka gulu asanagawane. Choyamba kugula chikhale sikelo yawoyawo, si yodula ngati pampu. Akakhala ndi sikelo, bwana aziyeza pawiri. Kenako thumba la ufa lawolawo. Pampu ibwere pomaliza.

Wokumba_Kale

Mayi a ku Taifa anena zomwe ife tinalephera kuganiza. Tinathamangira chiphaso tikudyabe ufa wa bwana. Tikanayamba ndi sikelo ndi ufa, maulendo atatu aja sakanatigwetsa.

MayiWaZigwagwa

Abale, ndawerenga zonse kawiri. Supuni ija ndataya m'chimbudzi chokumba, zofunda zili padzuwa, mawindo ndi otsegula ngakhale kukuzizira chonchi. Ndamuimbira mlongo wanga usiku wathawu, tinalankhula mpaka mayunitsi kutha. Poyamba anakwiya, amati ndamuyalutsa pagulu, koma nditamuwerengera za Wokumba_Kale anakhala chete, kenako anati, "Ameneyo akutidziwa." Ngongole kwa bwana ilipodi, ya mafuta a miyezi iwiri ndi matumba anayi a ufa. Akuti malo awo ndi munda wa munthu, si nkhalango, koma amatsukira mumtsinje. A NyaKumpoto, ndafunsa: amayi otsuka alipo asanu ndi mmodzi, ndipo sanawawerengedi. Pa anyamata aja, asanu ndi anayi akuti za kopaletivi akuzifuna, enawo akuopa bwana.

Sikelo ndigula ndine ndi ndalama ya tomato, adzandibwezera. Abwera Loweruka lino ndi mnzake mmodzi yemwe anafika Folomu 4. A Kalaliki, mungatipatse ola limodzi kuti muwaonetse kalembedwe ka malamulo a kopaletivi? A Mwana_waMiyala, manambala a pa mapu aja amatengedwa bwanji, foni wamba ingathe?

Mwana_waMiyala

Foni ingathe poyambira, kuti tione ngati malowo ali m'chiphaso cha wina. Loweruka ndibwera ndiwaonetse, ndidzatenganso maginito ndi kapeti. Auzeni abweretse ndowa imodzi ya mchenga wosatsuka, womwe sunakhudzane ndi mercury.

Kalaliki_Wopuma

Ndilipo mayi, cha m'ma 9 koloko m'mawa. Aliyense wofuna kulowa m'gululo, amayi aja pamodzi, atumize nambala ya chitupa chake cha unzika. Abwerenso ndi dzina la mwini munda ndi la nyakwawa ya deralo.

Msodzi_Chintheche

Nanenso ndikwera minibasi ndibwere. Ndikufuna ndimve ndi makutu anga tsiku lomwe achotse mabeseni mumtsinje.